Ziwengo Zobwera ndi Utomoni wa Urushi Popanga Zitoliro za ku Japan

Ku Japan kuli chitoliro chansungwi chotchedwa shakuhachi. Amisiri amachisema kuchokera ku tsinde la nsungwi ya mtundu wa madake. Chimakhala ndi mabowo asanu, ndipo chodziwika kwambiri n'chotalika pafupifupi masentimita 54. Pofuna kuteteza nsungwiyo ku chinyezi cha mpweya wa woimba ndiponso kukonza kamvekedwe kake, amisiri amapaka m'kati mwake utomoni wotchedwa urushi. Utomoni umenewu ukauma umakhala wolimba ndi wonyezimira, koma ukadali wauwisi umayambitsa ziwengo zoyabwa kwambiri. Ngati mumapanga, kukonza kapena kuimba zitoliro zotere, muyenera kudziwa mmene mungadzitetezere.

Kodi urushi n'chiyani?

Ndi utomoni wa mtengo umene akatswiri amautcha Toxicodendron vernicifluum, womwe umamera ku Japan, China ndi Korea. Anthu amatema khungwa lake n'kumawakha madzi otuluka pamabalapo. M'madzimo muli mafuta otchedwa urushiol, ndipo ndi amene amayambitsa ziwengo. Pa zitoliro zina amisiri amangopaka utomoni wochepa. Pa zina amayamba amata phala lotchedwa ji, lomwe mwamwambo limasakanizidwa ndi utomoni womwewu, kenaka n'kulipala mobwerezabwereza. Ntchito imeneyi imachititsa kuti manja akhudze utomoni kambirimbiri.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Urushiol sawotcha khungu monga moto kapena asidi. Amalowa m'khungu n'kumatirira ku tizigawo take, ndipo chitetezo cha m'thupi chimayamba kuona malowo ngati mdani. Nthawi yoyamba mwina simungaone chilichonse, kapena ziwengo zingatuluke patapita mlungu umodzi kapena kuposerapo. Koma thupi likamuzindikira, ulendo wotsatira zizindikiro zimaoneka pakati pa maola 12 ndi 72. Kuchedwa kumeneku n'kumene kumasokoneza anthu: munthu amaiwala zomwe anagwira dzana n'kuyamba kuganizira chakudya kapena sopo.

Zizindikiro zake

Khungu limayabwa kwambiri, limatupa, ndipo pamatuluka totupa kapena matuza okhala ndi madzi. Pa khungu loyera malowo amafiira. Pa khungu lakuda angaoneke odera kapena otuwa. Kwa amisiri, ziwengo zimakonda kugwira pakati pa zala, m'mikono, m'khosi ndi m'zikope, chifukwa munthu amadzikhudza kumaso mosadziwa. Kwa oimba, zimatuluka pa milomo ndi pachibwano, pamene chitoliro chimatsamira. Nthawi zambiri zimatha pakati pa mlungu umodzi ndi milungu itatu. Ziwengozi sizipatsirana, ndipo madzi a m'matuza safalitsa vutoli. Chimene chimalifalitsa ndi utomoni wotsalira m'zikhadabo, pa zovala ndi pa zida.

Kodi chitoliro chouma n'choopsa?

Urushi suuma ndi dzuwa kapena mphepo ngati penti. Umalimba pamalo ofunda ndi achinyezi chambiri, n'chifukwa chake amisiri amaika ntchito yawo m'bokosi lonyowetsedwa m'kati. Ukalimba kotheratu, anthu ambiri amaugwira popanda vuto, ndipo ku Japan amadyera m'mbale zopakidwa utomoni umenewu. Komabe pamwamba pangaoneke pouma pamene m'kati simunalimbe. Choncho chitoliro chatsopano, kapena chimene changokonzedwa kumene, chikhoza kuyambitsa ziwengo kwa munthu amene thupi lake limadana nawo kwambiri. Funsani wopanga kuti anapaka liti, ndipo ngati milomo yayamba kuyabwa, chisiyeni kaye kwa milungu ingapo.

Ubale wake ndi mango ndi mbibu

Mtengo wa urushi uli m'banja limodzi ndi mango komanso mbibu, womwe ena amautcha kashu. Utomoni ndi makoko a mango, ngakhalenso mafuta a m'chikamba cha mtedza wa mbibu, zili ndi mankhwala ofanana ndi urushiol. Ngati munatupapo milomo mutadya mango osasenda, kapena munatulukapo matuza poswa mtedza wa mbibu, samalani kwambiri ndi urushi.

Mmene mungadzitetezere

Valani malaya a manja aatali ndi magolovesi okhuthala apulasitiki, popeza urushiol amatha kudutsa m'magolovesi opyapyala a labala. Musadzikhudze kumaso mukugwira ntchito. Popala utomoni wosalimbitsitsa, phimbani mphuno, pakamwa ndi maso. Chapani zovala zantchito pazokha. Musawotche nsanza kapena mitengo yokhala ndi utomoniwu, chifukwa utsi wake ungatupitse njira za mpweya.

Utomoni ukakudontherani

Chitanipo kanthu nthawi yomweyo, pakuti umalowa m'khungu m'mphindi zochepa. Amisiri a ku Japan amayamba aupukuta ndi mafuta ophikira, kenaka n'kusamba ndi sopo ndi madzi ambiri. Musaiwale m'zikhadabo. Ziwengo zikatuluka, ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo pakani calamine kapena hydrocortisone monga mmene wazaumoyo wakulangizirani. Musakande ndipo musaboole matuza, kuopa kulowetsa tizilombo.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani msanga ngati nkhope, maso kapena ziwalo zobisika zatupa, ngati ziwengo zagwira mbali yaikulu ya thupi, ngati pakutuluka mafinya kapena thupi latentha, komanso ngati palibe kusintha patatha masiku 7 mpaka 10. Ngati mukubanika kapena kulephera kumeza, musadikire ngakhale pang'ono. Uzani dokotala zonse zimene munagwira m'masiku atatu apitawo, ndipo tchulani dzina la utomoniwo, chifukwa kunja kwa maiko a kum'mawa kwa Asia si onse amene angauganizire.