Tsiku limene apongozi anaipitirira nyumba yathu

Foni inalira Lachinayi usiku, pa 19 Disembala 2024, tili mumdima monga mwa masiku onse a chaka chimenecho. Bambo a kunyumba anayankha ndi mawu ofatsa aja amene amatuluka pokhapokha akamalankhula ndi mayi awo: "Inde amayi. Ee amayi. Tikulandirani amayi." Atatsitsa foni anandiyang'ana ngati mwana amene waswa mbale ya eni. Apongozi anga ankabwera Lolemba kuchokera ku Katete, kudzadya nafe Khirisimasi.

Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuizunguliza m'nyumba, ndipo zimene ndinaona zinandithetsa tulo. Ife timakhala ku Mtendere, komboni ya kum'mawa kwa Lusaka, yoyandikana ndi Kalingalinga mbali ina, kwinaku n'kumayadi a ku Kabulonga. Nyumba yathu ndi zipinda ziwiri za lendi, mumdadada wa zitseko zinayi, mpopi umodzi panja. Chipinda chakutsogolo masana ndi pabalaza, madzulo ndi khitchini, usiku ndi chogona ana athu awiri. Makoma amene tinawapeza oyera anali atatenga mtundu wa phala la mgaiwa, ndipo pakona pamene timaika mbaula mvula ikamagwa panali bii ndi mwaye. Mbaulayo chaka chimenecho inagwira ntchito kuposa sitovu. Chilala chinali chitavuta moti mu Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anaphwera, ndipo magetsi ankangotichezera maola ochepa, kawirikawiri tili m'tulo.

Pakhoma panali makalendala anayi a zaka zosiyana, iliyonse ikubisa mng'alu wake. Kuseri kwa chitseko kunali zigubu zisanu ndi chimodzi zamadzi, katoni ya nsapato zopanda zinzake, ndi TV yakufa imene bambo ankati adzakonzetsa "mwezi ukatha" kuyambira 2020. Pansi simenti inali itakumbika timaenje, moti mwana wamng'ono ankaseweramo nsolo ndi timiyala. Tinali titazizolowera zonsezi monga munthu amazolowerera fungo la m'nyumba mwake. Koma apongozi anga ali ndi maso oona fumbi ngakhale pamwamba pa chitseko, ndipo akaona sanena kanthu, amangotenga tsache okha. Mkamwini kapena mtengwa aliyense akudziwa kuti tsache limenelo limapweteka kuposa mawu.

M'thumba ndinali ndi K300 ya chilimba, ndalama yosakwana ngakhale thumba la ufa woyera la makilogalamu 25. Sabata yathayo ndinali nditadutsa ku Manda Hill n'kuona mitengo ya Khirisimasi ya pulasitiki, yokhala ndi timipira tonyezimira. Nditaona mtengo wake wogulira ndinaisiya bwinobwino, ndikudziuza kuti kukongoletsa nyumba n'kwa anthu a kumayadi.

Chimene chinandisintha maganizo usiku umenewo ndi amayi anga ondibereka. Kwathu ku Chadiza, Khirisimasi ikayandikira, amayi sankagula kanthu. Ankatituma kudambo kukakumba dothi lakuda, kwina tikatenge lofiira, kwina loyera. Ankazira pansi n'kukulungiza ndi nkhulungo mpaka pansi pankawala ngati mbale. Kukhoma ankapaka mzere wakuda m'munsi, pamwamba pake n'kujambula maluwa ndi zala. Mudzi wonse unkavala zatsopano popanda ngwee kutuluka. Ndipo ndinakumbukira kuti asanagwire dothi, ntchito yoyamba inali kutulutsa katundu yense panja. Ndinadzutsa bambo n'kuwauza kuti, "Inu, mawa tizira." Anati ndalota kumudzi, n'kutembenuka.

Lachisanu ndinakwera minibasi ya m'tauni. Ku Kamwala ndinagula chitenje chimodzi chofiira cha maluwa obiriwira ndi kachingwe ka timagetsi toyendera dzuwa. Ku Soweto ndinavundukula mulu wa salaula mpaka ndinapeza katani ya lesi yong'ambika pang'ono m'mphepete, ndipo chifukwa cha kung'ambikako mayi wogulitsa anandichotsera mtengo. Pobwerera ndinadzera kuhadiweya ya m'komboni mwathu kugula laimu, simenti yoyezera pa kilo, kapaketi ka okusaidi wofiira ndi kachitini ka polishi wa Cobra. Madzulo ndinaviika laimuyo m'ndowa, n'kuthiramo mchere wodzaza dzanja kuti asamadzachoke pakhoma munthu akatsamira, ndipo ndinamusiya agone.

Loweruka tinadzuka tambala woyamba, maso ali kumwamba kuopa mvula. Zonse zinatuluka panja: mipando, kabati, mapoto, matiresi, zigubu. Aneba a chitseko chachiwiri anatuluka ndi mswachi m'kamwa n'kufunsa mwachisoni, "Aneba, alandilodi akuthamangitsani? Khirisimasi yomwe ino?" Tinaseka mpaka misozi. TV yakufa ija inapita ndi anyamata ogula zitsulo zakale, bambo akuiperekeza ndi maso ngati maliro a mnzawo. Katoni ya nsapato inatsatira. Kuseri kwa kabati tinapeza kadi ya kusikelo ya mwana imene ndinaisaka chaka chathunthu, masupuni atatu, ndi K20 yopindika. Nyumba itatsala yokha, mwana wamkulu anaima pakati n'kufuula dzina lake kuti amve mawu akubwerera. "Amami, kani nyumba yathu ni ikulu so?" Nanenso ndinali nditaiwala kuti chipindacho chili ndi makona anayi.

Tinakolopa mwaye ndi sopo, bambo n'kumata ming'alu ndi timaenje ta nsolo tija. Kenaka tinavala mapepala a pulasitiki m'manja, pakuti laimu amawotcha khungu, n'kuyamba kupaka. Apa mpamene panabuka mlandu. Laimu akakhala wonyowa saoneka woyera. Khoma limachita mbuu, mikwingwirima ya burashi ili poyera, uve wakale ukusuzumira. Bambo anaponya burashi pansi. "Mwaononga nyumba ya eni! Tiwauza chiyani alandilodi?" Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, apite akamwe tiyi. Dzuwa litafika pamutu khoma linayamba kuyera lokha, kuyambira kumwamba kutsika. Titapakanso kachiwiri linachita mbee, moti bambo omwe aja anayamba kuitana odutsa kuti adzaone ntchito ya manja awo. M'munsi ndinapaka mzere wofiira wa okusaidi wosakaniza ndi simenti yamadzimadzi, wofika m'mawondo, monga ankachitira amayi, kuti matope a dzinja ndi mapazi a ana asamaonekere. Alandilodi atatilola, tinapakanso khoma lakunja la chitseko chathu.

Makalendala onse anapita kukayatsira mbaula. Chimene chinakana kuchoka ndi chithunzi cha Chipolopolo, timu ya mpira ya dziko lathu, cha usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, Christopher Katongo atanyamula chikho cha Africa atagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenate. Chinali chitafwifwa, makona atapindika, koma bambo anati chikatuluka iwonso atuluka. Tinagwirizana kuti chikhale, koma chivale. Anapita ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata mmene akalipentala amayala mabedi ndi mipando yawo, ndipo anabwerako ndi felemu ya timatabwa totsala ndi thabwa lina lalitali. Thabwalo tinalikhoma kukhoma kukhala shelefu, mapoto onse n'kuchoka pansi. Zigubu zinasamukira kuchipinda, kunsi kwa tebulo. Pabalaza panatsala malo oti munthu n'kuvina.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi inali nthawi ya pansi. Ndinapaka polishi wofiira mopyapyala, ndinadikira aume, kenaka ndinapatsa ana juzi yakale kuti azikokana nayo. Ntchito imene ikanandithyola msana inasanduka masewera, ndipo pofika madzulo pansi panali psuu, kuwala moti munthu n'kuona mano ake. Katani ya lesi inakwera pawindo, kong'ambika kaja nditakapindira mumpendero. Chitenje ndinachidula pawiri: china chinaphimba tebulo, china chinavala mapilo awiri a pampando amene thonje lake linali litayamba kutuluka.

Mtengo wa Khirisimasi unachokera kuseri kwa chimbudzi. Inali nthambi youma ya gwafa, ya mphanda zambiri. Tinaipaka laimu wotsala, n'kuiimika m'chitini chakale cha penti chodzaza mchenga, chitinicho titachikulunga ndi kansalu kotsala. Ana anazungulira tuntemba tonse ta mumsewu mwathu kutola zitsekerero za mabotolo ndi mapepala onyezimira a maswiti. Zitsekererozo tinaziboola ndi msomali n'kuzipachika ndi ulusi, mapepala tinawapota kukhala tiagulugufe, ndipo pamwamba panakhala nyenyezi ya katoni yokutidwa ndi pepala lasiliva. Mwana wamkulu anaumirira kuti paikidwe thonje, akuti ndi chipale chofewa chimene amaona m'mafilimu. Ndinamufunsa kumene anachiona chikugwa ku Lusaka kuno Disembala ali mvula ndi matope, koma anapambana ndi iye, thonje la m'mapilo akale linakwera mumtengo. Pansi pake tinaika mbale ya mango, pakuti Khirisimasi yathu imanunkhira mango. Makandulo awiri tinawaika m'mabotolo a jamu okhala ndi mchenga, pashelefu, kutali ndi katani, chifukwa m'nyumba za mdadada moto wa mmodzi ndi wa onse.

Usiku umenewo magetsi kunalibe monga mwa masiku onse. Kapanelo ka timagetsi tija kanali katawothera dzuwa padenga tsiku lonse. Mwana wamng'ono atadina batani, mtengo wa gwafa unayaka waliwali, kuwala kukumenya khoma loyera n'kubwerera pansi pofiira. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Chakutali, kumbali ya ku Kabulonga, majenereta anali kulira, ife kuno tikuwala mwakachetechete popanda dontho la dizilo. Ana a mdadada wonse anadzaza pakhomo, mphuno zili pawindo.

Lolemba madzulo bambo anakawatenga apongozi kusiteshoni ya mabasi ya Intercity, atayenda makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road. Ine ndinali pawindo, kuseri kwa lesi, mtima uli m'mwamba. Ndinawaona akubwera patsogolo, kathumba pamutu, mwana wawo ali m'mbuyo ndi nkhuku kukhwapa. Nyumbayi amaidziwa, anagonamo kawiri konse. Anafika pachitseko chathu, anachiyang'ana, n'kupitirira. Anakaima pachitseko cha aneba n'kuti, "Odi kuno!" Bambo anachita kukhala pansi ndi phwete. "Amayi, mwapitirira, kwanu ndi kuno!" Anabwerera pang'onopang'ono, akuyang'ana khoma, akuyang'ana mwana wawo. "Mwasamuka osandiuza?"

Pakhomo anavula nsapato popanda wowauza. Ndinagwada kuwalandira katundu, ana akukangamira chitenje chawo, "Ambuya! Ambuya, onani mtengo!" Iwo anayamba ndi zawo. Anapititsa chala pakhoma n'kuchiyang'ana. Anawerama n'kusisita pansi ndi chikhatho. Anakweza dzanja pamwamba pa chitseko, ine mpweya nditaugwira. Chala chinabwerako chopanda fumbi. Atafika pamtengo anauzungulira, anatsina kathonje kamodzi, ndipo pokhala mlimi wa thonje wa ku Katete anafunsa, "Kodi ku Lusaka kuno thonje limabala pa gwafa?" Anaseka mpaka kugwira nthiti. Atakhala pansi anandiyang'ana nati, "Wazira ndani muno?" Ndinati, "Tonse, amayi." Anagwedeza mutu. "Iyayi, mzere wofiirawu ndi wa munthu woleredwa kumudzi. Mayi ako anakuphunzitsa, mwana wanga." Masiku onse amene anakhala nafe, tsache sanaligwire.

M'kathumba mwawo munali nsomba zouma ndi lichero latsopano zimene anagula pa mlatho wa Luangwa basi itaima. Nsombazo tinadya, koma lichero ndinalikhoma pakhoma pafupi ndi Chipolopolo, ndipo apongozi anati ndi koyamba kuona lichero likulemekezedwa ngati chithunzi cha ukwati. Lachitatu, tsiku la Khirisimasi, tinadya mpunga ndi nkhuku ija anthu asanu ndi anayi pamodzi ndi alendo, m'chipinda chimene sabata yathayo anthu anayi tinkagundana zigongono.

Nkhani sinathere pamenepo. Tsiku lotsatira aneba a mswachi aja anabwera kudzabwereka burashi. Kenaka a chitseko chachitatu anadzafunsa muyezo wa mchere. Pofika Chaka Chatsopano zitseko zonse zinayi zinali mbee ndi mzere wofiira m'munsi. Alandilodi atabwera anaima pabwalo nthawi yaitali manja ali kumbuyo, ine ndikuwerengera m'mutu ndalama zimene awonjezere pa lendi. Anangokhosomola n'kufunsa ngati laimu anatsalako woti akapake kwawo.

Pa K300 ija panatsala ndalama yogulira ana maswiti, ndipo mapepala ake tawasunga m'chitini kudikira Disembala wina. Laimu wakunja mvula ya Januwale inamusukuluza, koma zimenezo sizindidandaulitsa, pakuti ngakhale kumudzi amazira chaka ndi chaka. Inu a ku Kanyama, Chawama, George, Matero ndi kwina konse kumene zipinda ndi ziwiri, musadikire nyumba ya kumayadi kapena foni ya apongozi. Sankhani Loweruka lopanda mitambo, tulutsani katundu yense panja, ndipo zimene simunazigwire chaka chonse zisabwererenso m'nyumba. Zotsalazo ndi ndowa ya laimu, mchere wodzaza dzanja ndi nthambi ya gwafa.