Nsikidzi Sizitha ndi Kupopera Kamodzi

Mwana wabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko, ndipo pakutha milungu ingapo banja lonse likudzikanda usiku. Mwapopera mankhwala, zaleka pang'ono, kenako zayambiranso. Chalakwika n'chiyani?

Yankho lili m'khalidwe la kachilomboka. Masana nsikidzi imabisala m'misoko ya matiresi, m'mphasa ndi m'ming'alu ya bedi ndi khoma, kumene mankhwala opopera safika. Imatuluka usiku ikamva kutentha kwa thupi ndi mpweya umene timatulutsa popuma. Mazira ake sawonongeka ndi mankhwala ambiri, ndipo amaswa pakadutsa masiku 6 mpaka 10. Yaikulu imatha miyezi osadya, choncho kusamuka m'chipindamo sikuthandiza.

Chimene nsikidzi ndi mazira ake sizipirira ndi kutentha. Viikani zofunda ndi zovala m'madzi otentha kufika madigiri 60, zikauma muzisite m'misoko. Masulani bedi, thirani madzi owira m'molumikizira matabwa ana ali kutali, ndipo matani ming'alu ya khoma. Bwerezani pakatha masiku 10 mpaka 14 kuti muphe zimene zangoswa kumene zisanayambe kuikira. Zovala za kaunjika ndi zikwama za paulendo zisalowe kuchipinda musanaziyang'ane.

Chonde musathire pabedi parafini kapena mankhwala a thonje ndi fodya. Amalowa pakhungu ndi m'mapapo, ndipo ana ndiwo amavulala msanga.

Nsikidzi zimalowa ngakhale m'nyumba yaukhondo, choncho musachite manyazi. Ngati mumakhala pamdadada, uzani anansi mulimbane nazo tsiku limodzi, chifukwa zimadutsa m'ming'alu n'kubwereranso.