Nyumba zatsopano: Lilongwe akutambasuka, Blantyre akukwera mapiri

Msika wa nyumba zatsopano m'dziko muno ndi wodabwitsa ndithu. Kumaiko a anzathu kampani imamanga nyumba mazanamazana, munthu nkupita kubanki, kutenga ngongole, kulandira makiyi. Kuno kwathu chimene chimayenda malonda ndi poloti, kapena nyumba yoti mwiniwake mphamvu zamuthera itafika pamawindo. Yomalizidwa bwinobwino, yapenti ndi siling'i, ogula ake ndi owerengeka.

Koma nawo mavutowa amasiyana malinga ndi chigawo.

Tiyambe ndi Lilongwe. Chisamukireni likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, mzindawu sunapumepo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mu Lilongwe pamene Blantyre anali ndi 800,000, chonsecho kale Kabula ndiye anali mkulu. Boma lili konko, aphungu ali konko, akazembe ndi mabungwe ali konko, ndiye ofuna lendi sasowa. Mwayi wa Lilongwe ngwakuti malo ndi athyathyathya. Mzinda ukungotambasuka ngati mphasa: Area 49, Area 25, mseu wa ku Mchinji mpaka ku Njewa ndi Chitedze. Minda ya chimanga ya dzana lero ndi mipanda ya njerwa.

Apa mpamene pagona ngozi, abale anga a geni. Malo ambiri a m'mphepetewa ngamakolo, ndipo amagulitsidwa kudzera mwa mafumu ndi madobadoba. Poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kaya atatu si nkhani yachilendo m'makhoti athu. Wina amamanga mpaka kufolera, mawa lake nkumva kuti pamenepo mpodutsa mseu. Kakalata kodinda a mfumu nkabwino, koma banki ikafuna chikole imafunsa lizi.

Blantyre yake ndi ina. Mzindawu udapanikizika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo malo abwino adatengedwa kalekale. Amene ali ndi kangachepe akuthawira ku Chileka, Lunzu, Mpemba ndi Chigumula. Wosauka, yemwe sangakwanitse minibasi tsiku ndi tsiku, amakwera phiri nakumba maziko pamalo otsetsereka. Zotsatira zake tidaziona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkukwirira mabanja ku Chilobwe. Komabe pitani mukaone: ena adabwerera komweko. Osati kuti ndi osamva ayi. Apite kuti?

Kumpoto, Mzuzu ngwamng'ono, anthu 221,000 mu 2018, koma akukula mothamanga. Ku Mzimba ndi Nkhata Bay, monganso ku Mangochi, nyumba zambiri zamalata owala zimamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Zimenezo sizigulitsidwa, mwiniwake ali ku Johannesburg, mnyumbamo mukugona mphwake.

Nanga inu ophunzira? Mwasanduka msika panokha. Ku Chikanda ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ngakhale kufupi ndi sukulu ya MUST ku Thyolo yomwe idatsegulidwa mu 2014, anthu aleka kumanga nyumba za banja. Akumanga midadada ya tizipinda, poti ophunzira anayi m'chipinda chimodzi amalipira kuposa banja lathunthu. Ena mwa alandilodiwa, kunena mosapsatira, chimbudzi amachikumbukira pomaliza.

Chimene chikufanana m'zigawo zonse ndi kukwera kwa zipangizo. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti timapanga konkuno, ku Kasungu, Blantyre ndi Mangochi, koma malata, zitsulo, magalasi ndi mafuta a galimoto zonyamulira mchenga zimalira ndalama zakunja. Mu 2024 banki yaikulu idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndiye mabanki enawo amaikanso yawo pamwamba. Ndani angatenge ngongole ya zaka 15 pamtengo wotere? New Building Society, imene kale inkadziwika ndi ngongole za nyumba, idasanduka banki wamba mu 2004.

Malawi Housing Corporation ilipo chiyambire 1964, koma nyumba zimene yamanga m'zaka zonsezi nzochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu ozifuna. Nchifukwa chake Mmalawi amamanga yekha: matumba asanu a simenti mwezi uno, malata khumi akagulitsa soya, zitseko chaka chamawa. Ambiri amalowa nyumba mawindo atatseka ndi njerwa, kuti ndalama ya lendi igule thumba lina.