Liwiro ndi batire: momwe pulosesa imagawira nthawi yake

Pulosesa, chipangizo chimene chimachita mawerengero onse m'foni ya m'manja kapena m'kompyuta, imayendera wotchi yake yamkati yomwe imagunda maulendo mamiliyoni ochuluka pa sekondi, ndipo kuti mathiranzisita ake, omwe ndi timaswitchi tosaoneka ndi maso, azitseguka ndi kutseka mosatsalira, pamafunika voteji yokwanira, ndiko kuti mphamvu yokankha magetsi imene imayezedwa m'mavoti. Wotchi ikafulumira voteji iyenera kukwera, ndipo ikayenda pang'onopang'ono voteji ikhoza kutsitsidwa. Magetsi othera pa kutseguka ndi kutseka kumeneku amakula molingana ndi voteji itachulukitsidwa ndi iyo yomwe, kotero kuti kutsitsa voteji kuchoka pa voti 1 kufika pa 0.8 kumawachepetsa ndi 36 peresenti pa ntchito yomweyo.

N'chifukwa chake kumaliza msanga sikukhala kwanzeru nthawi zonse. Kanema woonetsa zithunzi 25 pa sekondi amapatsa pulosesa mamilisekondi 40 okonzera chithunzi chilichonse, ndipo ikachimaliza m'mamilisekondi 20 woonera sapindula kanthu, pakuti chithunzicho chimangodikira nthawi yake pomwe magetsi a m'batire awonongeka kale ndi liwirolo. Kwa munthu wokhala kumene magetsi amazimazima, kapena amene amalipira kuti atchajitse foni pamsika, kuwononga kotereku si nkhani yaing'ono.

M'chaka cha 1994 Mark Weiser ndi anzake a ku Xerox PARC, ku California, anaonetsa kuti pulogalamu yoyendetsa kompyuta ikhoza kumasintha liwiro la pulosesa molingana ndi kuchuluka kwa ntchito. Chaka chotsatira Frances Yao, Alan Demers ndi Scott Shenker anapeza njira ya masamu imene ikadali maziko a phunziro la kusintha liwiro la pulosesa. Ntchito iliyonse imakhala ndi nthawi yofikira, nthawi yoyenera kuthera ndi kukula kwake. Wogawa nthawi ya pulosesa amafufuza chigawo cha nthawi chothinana kwambiri, chomwe ntchito zoyambira ndi kuthera mkati mwake zimafuna liwiro lalikulu kuposa kwina konse, n'kuyendetsa pulosesa pa liwiro lokhalo m'chigawo chonsecho, kuyambira ntchito yomwe malire ake ayandikira. Kenako amachichotsa chigawocho pandandanda n'kubwereza pa zotsala. Ubwino wa njirayi ndi woti imatsimikizira kuti liwiro lokhazikika limadya magetsi ochepa kuposa kuthamanga ndi kuima mosinthanasinthana, monga momwe wopalasa njinga mosasinthasintha amafikira osatopa kwambiri. Popeza mapulosesa enieni amakhala ndi mavoteji owerengeka chabe, Tohru Ishihara ndi Hiroto Yasuura a ku Japan anaonetsa mu 1998 kuti kusinthasintha pakati pa mavoteji awiri oyandikana ndi liwiro lofunikalo n'kokwanira. Pofika 2000, Intel ndi AMD zinali zikugulitsa mapulosesa a malaputopu osintha voteji pogwiritsa ntchito luso lotchedwa SpeedStep ndi PowerNow!

Komabe kuchedwa kuli ndi malire ake. Mathiranzisita atachepa kwambiri anayamba kudontha magetsi ngakhale pamene sakugwira ntchito, choncho pulosesa yoyenda mochedwetsa imataya m'kudontha zimene inapulumutsa potsitsa voteji, ndipo nthawi zina kumaliza msanga n'kuzimiratu kumakhala kotchipa. Kampani ya ARM inayankha mu 2011 ndi kapangidwe ka big.LITTLE, kamene kamaika mapulosesa amphamvu ndi ena odya magetsi ochepa m'chipangizo chimodzi, motero wogawa ntchito amasankhanso malo ogwirira, osati liwiro lokha.

Vuto lalikulu lotsala ndi lakuti njira ya Yao imafuna kudziwiratu ntchito zonse, pomwe foni sidziwa kuti mwini wake aikhudza liti. Linux, pulogalamu imene ili maziko a Android, inalandira mu 2016 woyang'anira liwiro wotchedwa schedutil, amene amalosera zofunika poona mmene ntchito zakhala zikulemerera posachedwa. Akalosera mochepetsa foni imakakamira, akalosera mopyola batire limatha msanga.