Malungo amayambira m'chiwindi, osati pa mvula ya dzulo

Mvula ikagwa, masukulu athu akumudzi amachepa ana. Ukafunsa, makolo amati mwana wadwala malungo chifukwa dzulo ananyowa ndi mvula kapena anadya mango osapsa. Koma malungo amene aonekera lero anayamba sabata yatha kapena kupitirira apo.

Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma munthu, umalavulira m'thupi tizilombo ta Plasmodium tomwe akatswiri amati ma sporozoite. Tiziromboti sitichedwa m'magazi ayi. Timathamangira ku chiwindi n'kulowa m'maselo ake. Mmenemo kachilombo kamodzi kamagawikana mpaka kubala tina zikwizikwi. Kwa mtundu wa falciparum, womwe ndi wofala kuno ku Malawi, ntchitoyi imatenga pafupifupi sabata imodzi. Gawo lobisikali analitulukira asayansi awiri, Shortt ndi Garnham, m'chaka cha 1948.

Nthawi yonseyi mwana samva kanthu. Amasewera mpira, amapita kusukulu, ndipo ngakhale atamuyeza magazi a pachala, malungo sapezeka. Kenako maselo a chiwindi aja amaphulika, tizilombo n'kukhamukira m'maselo ofiira a magazi. Mmenemo timaswananso n'kuwaphulitsa pafupifupi maola 48 aliwonse. Apa mpamene thupi limatentha, mwana n'kumanjenjemera, magazi n'kumachepa.

Kudziwa izi kuli ndi phindu. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi linali loyamba kumupereka kwa ana kusikelo mu April 2019, amaphunzitsa thupi kugwira ma sporozoite asanakhazikike m'chiwindi. Mwana amayenera kubayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyu ndi amene amaiwalika kawirikawiri poti mwana amakhala wayamba kale kuyenda. Komanso katemerayu sateteza kotheratu, choncho neti isachoke pa mphasa n'kukatchinga dimba kapena kukakokera usipa.

Mwana akatentha thupi, tisataye nthawi kuloza mvula. Tithamange naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze. Akapatsidwa LA, amalize masiku atatu onse, m'mawa ndi madzulo, ngakhale atayamba kusewera pa tsiku lachiwiri. Ndipo usiku womwewo tione ngati neti yake ilibe zibowo, chifukwa udzudzu woluma lero ndiwo udzamujombetse kusukulu sabata ikubwerayi.