Chimbale Chachiwiri cha Madalitso: Babatoni Sadaisiye Pakhomo

Kwa woyimba amene amapeka yekha nyimbo zake, wopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake, chimbale choyamba sichivuta kwenikweni. Nyimbozo amakhala atayenda nazo zaka zambiri, ataziyimba pamsika, paukwati ndi pakhonde la sitolo, ndipo zosakoma zimakhala zitagwa kale zokha panjira. Chovuta ndi chimbale chachiwiri. Apa dzina lamveka, alangizi achuluka, ndipo aliyense ali ndi mawu ake: wina akuti gula kiyibodi, wina akuti yimbako m'Chingerezi, wina akuti zipangizo zakumudzizi zikuchititsa manyazi. Oyimba athu ambiri adasochera pamphambano imeneyi. Nkhani yathu ndi ya amuna awiri a ku Lilongwe, a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, amene amadziwika ndi dzina loti Madalitso Band. Iwo adafika pamphambano yomweyo koma adakana kukhota.

Owerenga athu a kunyanja amene adayendako ku likulu mwina akuidziwa Mtandire, dera la nyumba zothithikana kumadzulo kwa mzinda. Mukapitirira ndi msewu wa ku Mchinji mufika pa Mpingu, kenaka pa Namitete. Chakumpoto kwake kuli Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, dziko la fodya, mtedza ndi chimanga. Munthu wa kumudzi akabwera m'tauni kudzafuna ganyu, malo ngati Mtandire ndiwo amayamba kumulandira. Kumeneko ndi kumene awiriwa adakhala zaka zambiri. Adakumana mu Lilongwe m'chaka cha 2002, chaka cha njala yoopsa ija imene idachititsa boma la a Bakili Muluzi kulengeza m'mwezi wa February kuti dziko lili pangozi. Kuyimba kwawo kudayambira pamenepo, m'misewu, kuti apeze ya ufa.

Zipangizo zawo ndi zitatu basi. A Yosefe amayimba gitala ya nsambo zinayi, uku atakhalira ng'oma ya chikopa cha ng'ombe imene amaiomba ndi chidendene. A Yobu amatsogolera nyimbo ndipo amayimba babatoni. Kwa amene sadaionepo, babatoni ndi chipangizo chachitali kuposa munthu: kumunsi kwake kuli ngati ng'oma yokuta ndi chikopa, kenaka pali mtengo wautali ngati mponda wa bwato, ndipo pamtengopo amakungapo waya mmodzi yekha. Dzanja limodzi limagunda wayayo, linalo limayendetsa kabotolo pamwamba pake, kukwera ndi kutsika, kuti mawu asinthe. Palibe mizere yosonyeza poima dzanja monga zilili pa gitala ya kusitolo. Khutu lokha ndilo limauza dzanja pofika, ndipo akaphonya pang'ono nyimbo yonse yapotoka.

Mayimbidwe amenewa sadayambe ndi iwo. Asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi amuna ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia adabwera ndi mabanjo ndi magitala, ndipo anyamata a m'midzi, posowa ndalama zogulira, adayamba kudzipangira okha ndi zitini za mafuta, zikopa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Ku Chileka kudatuluka a Daniel ndi a Donald Kachamba, amene katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mu 1967, ndipo mu 1972 adakayimba ku Ulaya. Ku Thyolo kudali a Alan Namoko, osaona, ndi gulu lawo la Chimvu Jazz Band. Iwo adamwalira mu 1995. Ku Nkhata Bay kuli a Gasper Nali, nawonso a babatoni. Akuluakulu akukumbukiranso pologalamu ya wailesi ya MBC ya Nyimbo za M'maboma, imene inkatifikitsira mayimbidwe a kumadera kumene sitidapondeko.

Patapita zaka 7 akuyimba m'misewu, mu 2009, wojambula nyimbo wina wa mu Lilongwe adawamva akuyimba panja pa masitolo nawatengera ku situdiyo. Chimbale choyamba chidatchedwa Fungo la Nyemba. Dzina lokhalo likukuuzani kuti nyimbozi zidabadwira pafupi ndi mafuwa. Koma chimbalecho sichidasinthe moyo wawo msanga; adapitiriza kuyenda wapansi pakati pa Mtandire ndi m'tauni, babatoni ili paphewa. Zinthu zidatembenuka mu 2017 pamene, mothandizidwa ndi a Neil Nayar amene amayendetsa ntchito zawo, adakayimba koyamba kunja kwa dziko lino pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, chilumba chimene anthu a ku Nkhotakota amachidziwa bwino kudzera m'mbiri ya a Jumbe. Atachoka kumeneko adayamba kuitanidwa ku Ulaya.

Apa ndi pamene panali mayeso. Chimbale chachiwiri, Wasalala, chidatuluka mu 2019 kudzera ku kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya mumzinda wa Geneva ku Switzerland. Panali patapita zaka 10 chijambulireni choyamba chija. Munthu akadayembekezera kuti popeza tsopano afika m'manja mwa Azungu, nyimbo zidzadza ndi makina. Koma mukachimvetsera, mupeza zomwe zija: gitala ya nsambo zinayi, ng'oma ya chidendene, babatoni, ndi mawu a anthu awiri, wina kutsogola wina kupolokoza. Chinenero ndi Chichewa. Mitu ya nyimbo monga Ndalakwanji, Naphiri ndi Nambewe ndi mawu amene mungawamve pachitsime ku Kabudula tsiku lina lililonse, pakuti kumeneko mayi amaitanidwa ndi mfunda wake.

Ena amati kumeneku ndi kusatukuka. Ine ndikuona mwina. Nyimbo zambiri zimene zimatuluka m'masitudiyo athu zimapangidwa pa kompyuta imodzi ndi munthu mmodzi, ndipo woyimba amangobwera kudzaikapo mawu. Motero oyimba khumi amamveka ngati ana a mimba imodzi. Nyimbo za Madalitso sizingatero chifukwa liwiro lake lili m'mwendo wa munthu. Nyimbo imayamba modekha, imanka nitentha, ndipo akaona kuti anthu avina mokwanira ndi pamene imatha. Zimenezi adaziphunzira pamsewu, pamene wodutsa akapanda kuima ndiye kuti tsiku limenelo kunyumba kulibe ndiwo. Sukulu imeneyo ndi yowawa, koma imachotsa chilichonse chosafunika m'nyimbo. Akadaikamo kiyibodi ndi ng'oma za makina mu Wasalala, akadataya chinthu chokhacho chimene anzawo a ku Ulaya alibe.

Sindikunena kuti chimbalechi chilibe pofooka. Amene akufuna nyimbo zosiyanasiyana adzadandaula kuti mugudu wake ndi umodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo dandaulo limenelo lili ndi mutu. Nyimbo zotere zimakoma koposa pabwalo, anthu akutuluka thukuta, kusiyana ndi kuzimvera pafoni uli khale pamkeka. Komabe chimbalechi chidawatsegulira zitseko za zikondwerero zikuluzikulu monga Roskilde ku Denmark ndi WOMAD ku England.

Chimene chikundidetsa nkhawa chili kwina. Chimbale choyimbidwa m'Chichewa, ndi anthu a ku Mtandire, chidasindikizidwa ku Geneva pa mbale zakuda zozungulira zija zimene kwathu kuno tidasiya kuziona kalekale. Wogula wake ali ku Ulaya. Nanga kuno kumudzi? M'zaka za m'ma 1990 woyimba ankajambula nyimbo zake, nkupita nazo kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo makaseti ankafika mpaka pamsika wa Nsaru. Ndalama zinali zochepa, oyimba ankadandaula, koma njira inalipo ndipo inkadziwika. Njira imeneyo idafa pamodzi ndi kaseti. M'malo mwake mudabwera timashopu ta makompyuta, mmene mnyamata amakuikira nyimbo mazanamazana m'kakhadi ka foni pamtengo wosakwana wa mulu wa usipa, ndipo mwini nyimbo saonapo ngakhale tambala.

Lamulo lilipo. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza ntchito za aluso, ndipo lamulo latsopano la 2016 lidabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi timakhadi tija, kuti ndalamazo zizigawidwa kwa eni nyimbo. Koma kuti munthu alandire, ayenera kukhala membala ndi kulembetsa nyimbo zake ku bungweli. Mnyamata wa banjo wa ku Nambuma, amene amayimba pa tsiku la msika anthu nkumamuponyera makobili m'chipewa, nthawi zambiri sadziwa kuti khomo limeneli lilipo. Nyimbo yake wina akhoza kuijambula pafoni, nkufalikira midzi khumi, iye osapezapo kanthu. Makolo amene muli ndi ana aluso lotere, nkhani ya kulembetsa nyimboyi ndi yofunika kuifunsa msanga, mwana asanapereke nyimbo zake kwa munthu aliyense wobwera ndi makina ojambulira ndi malonjezo.

Ndipo pali china chimene timachita ife eni ake. Woyimba wa chipangizo chopanga yekha timamuyesa wopemphetsa mpaka tsiku limene timva kuti wakwera ndege. Zidatero ndi a Kachamba, zidatero ndi a Malawi Mouse Boys amene ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu asadajambulidwe ndi Ian Brennan wa ku America natulutsa chimbale chawo choyamba mu 2012. Zateronso ndi Madalitso, amene adayimba m'misewu ya Lilongwe zaka 15 asadaitanidwe ku Zanzibar.

Pambuyo pa Wasalala padabwera Musakayike mu 2022, kenaka Ma Gitala mu 2025, zonse kudzera ku Bongo Joe yomweyo. Mu Ma Gitala ndi mmene adalola kuonjezamo mawu ndi zipangizo zina, atatulutsa kale zimbale zitatu za anthu awiri okha, ndipo ngakhale mmenemo babatoni ikadali pakati pa nyimbo. M'chaka chomwecho cha 2025 mudatulukanso filimu yofotokoza moyo wawo, yotchedwa The Banjo Boys, imene adaikonza ndi a Johan Nayar.