Mayi apezeka ndi shuga: nsima tisiye kuphika?

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, pakhomo pamadzaza madokotala. Wina akuti nsima asadyenso, wina akuti azingomwa madzi a nimu, azakhali nawo atumiza kale uthenga pa WhatsApp wa mankhwala azitsamba ochiziratu. Koma wogula ufa, wophika ndi woperekeza mayi kuchipatala nthawi zambiri ndi ife ana. Ndipo makomo otere ndi ambiri: kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 pa 100 aliwonse azaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa.

Nsima siyoletsedwa ayi. Nkhani ndi kuchuluka kwake. Chimanga chikagayika m'mimba chimasanduka shuga, ndipo kwa wodwala shugayo amangoyandama m'magazi chifukwa insulin ndi yochepa kapena sikugwira bwino ntchito. Ufa woyera umakweza shuga msanga, pomwe gaga wa mu mgaiwa amachedwetsako. Komabe tisanamizane, mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi. Theka la mbale likhale masamba, kaya bonongwe, nkhwani, chisoso kapena therere, pambali nyemba kapena usipa, ndiye kamtanda kamodzi. Zonsezi n'zapamsika pomwepa. Zoyenera kutsanzikana nazo ndi Sobo, Fanta, mandasi ndi tiyi uja wa masupuni anayi. Ndipo banja lonse likamadya chimodzimodzi zimaphweka. Kuphikira mayi kampoto kawokawo n'kumene kumawachititsa kuti azidya mobisa.

Chomwe mabanja ambiri sauzana n'chakuti shuga amathanso kutsika mopitirira, ndipo izi zimapha msanga kuposa kukwera. Zimachitika kwa amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide akadumpha chakudya. Tangoganizani mayi amwa mankhwala m'mawa, apita kumaliro, nsima yake yotuluka 3 koloko masana. Mukaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosagwirizana ngati aledzera, musayambe ndi mafunso. Ngati muli ndi kamakina koyezera, nambala yosafika 70 mg/dL ndiye kuti shuga watsika. Sungunulani masupuni ang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, pakapita mphindi 15 adye chakudya chenicheni. Fanta tamuthamangitsa uja apa ndi mankhwala. Ngati akomoka, musawamwetse kanthu, angatsamwe. Thamangani nawo kuchipatala. N'chifukwa chake m'chikwama mwawo musamasowe maswiti angapo.

Insulin imaonongeka ndi kutentha. Isungeni m'firiji, osati m'chipinda choundanitsa madzi. Kopanda firiji, kapena magetsi akamazimazima, ambiri amaika kabotolo m'pulasitiki n'kukasunga mumtsuko wadothi wa madzi ozizira, pamthunzi.

Foni yanuyo igwireko ntchito: tcherani alamu ya nthawi ya mankhwala, ndipo manambala a shuga muziwalemba kuti tsiku la kiliniki adokotala akaone mwezi wonse, osati tsiku limodzi lokha.

Pomaliza penipeni, mapazi. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha, moti munthu amatha kuponda msomali kapena khala la moto osamva kanthu, chilonda n'kukula mpaka kudulitsa mwendo. Madzulo aliwonse muziwayang'ana kuphazi ndi pakati pa zala, ndipo kumunda asamapite opanda nsapato.